MBIRI YA MAYI MARIE CURIE, AMENE ADAPEZA KUWALA M'MIYALA YOTAYIDWA

Ulendo uno ndafuna ndikufotokozereni mbiri ya mayi amene sadali wa mpingo wathu kapenanso wa dziko lathu, koma ntchito ya manja ake imatipeza tikagona m'chipatala. Pa zaka zimene ndidagwira ntchito ya unamwino ndidaperekeza odwala ambiri kuchipinda cha X-ray. Pogwirizira mwana wothyoka mkono kuti ajambulidwe ndinkavala chovala cholemera cha mtovu, koma sindinkaganizako za anthu amene adapsa manja kuti ife tidziwe zodziteteza chotere. Mmodzi mwa anthu amenewo ndi Mayi Marie Curie.

Ubwana wa misozi

Adabadwa pa 7 Novembala 1867 mumzinda wa Warsaw, m'dziko la Poland, ndipo dzina lake la paubwana lidali Maria Skłodowska. Adali chitsiriza m'banja la ana asanu. Bambo ake adali mphunzitsi wa masamu ndi sayansi, pamene mayi ake ankayang'anira sukulu ya atsikana. Masiku amenewo Warsaw adali pansi pa ulamuliro wa Russia, ndipo ana ankakakamizidwa kuphunzira m'chilankhulo cha atsamunda awowo.

Mayi ake a Maria adadwala chifuwa chachikulu kwa zaka zingapo. Poopa kupatsira ana awo matendawa, ankapewa kuwakumbatira kapena kuwapsompsona. Ife anamwino timamvetsa chifukwa chake, koma kamwana kakang'ono sikangamvetse. M'chaka cha 1876 mkulu wake woyamba kubadwa, Zofia, adamwalira ndi matenda a typhus, amene amafala ndi nsabwe. M'chaka cha 1878 mayi ake nawo adatisiya, Maria ali ndi zaka 10 zokha. Mayiwo adali Mkatolika wopemphera kwambiri, koma maliro awiriwa adasweka nawo mtima mtsikanayu, kotero kuti atakula adaleka kupita kutchalitchi ndipo sadabwererenso. Mfundo imeneyi tiisunge, tiibwerera kumapeto.

Pangano la ana aakazi awiri

Maria adamaliza sekondale m'chaka cha 1883 ali ndi zaka 15, ndipo adalandira mendulo ya golide chifukwa chokhoza bwino. Koma yunivesite ya ku Warsaw sinkalandira akazi, ndipo bambo ake adalibe ndalama zotumizira ana kunja. Tsono Maria ndi mkulu wake Bronia adapangana chinthu. Bronia ayambe ndiye kupita ku Paris, m'dziko la France, kukaphunzira udokotala, Maria atsale akugwira ntchito n'kumamutumizira ndalama. Bronia akamaliza, nayenso adzathandize mng'ono wake.

Maria adasunga panganolo. M'chaka cha 1886 adapita kumudzi wa Szczuki kukakhala m'nyumba ya banja lolemera monga mphunzitsi wa ana awo, ndipo adakhalako zaka zoposa zitatu. Pa nthawi yake yopuma ankaphunzitsa ana a anthu osauka a m'mudzimo kuwerenga chilankhulo chawo cha Chipolishi, chinthu chimene boma la Russia likadamumanga nacho likadadziwa. Kumeneko adakondana ndi mwana wamwamuna wa mabwana ake, koma makolo a mnyamatayo adakana ukwatiwo poona kuti mtsikanayo adali wosauka. Maria adapirira manyaziwo n'kupitiriza ntchito m'nyumba momwemo, chifukwa mkulu wake ankadalira ndalamazo.

Bronia naye sadaiwale. Adaitana mng'ono wake, ndipo m'chaka cha 1891 Maria adalowa yunivesite ya Sorbonne ku Paris. Kumeneko ndiye adayamba kulemba dzina lake kuti Marie. Ankagona m'kachipinda ka pamwamba kunsi kwa denga, kozizira koopsa, akudya buledi ndi tiyi, mpaka tsiku lina adakomoka ndi njala. Komabe m'chaka cha 1893 adakhala woyamba pa mayeso a digiri ya physics, ndipo chaka chotsatira adakhala wachiwiri pa digiri ya masamu.

Banja ndi chiyambi cha ntchito

M'chaka cha 1894 adakumana ndi katswiri wa sayansi, Bambo Pierre Curie, ndipo adakwatirana mu Julayi 1895. Mkwatibwi adavala diresi yabuluu yoderako, imene adapitiriza kuvala kuntchito kwa zaka zambiri. Mwana wawo woyamba, Irène, adabadwa m'chaka cha 1897, ndipo wachiwiri, Ève, m'chaka cha 1904. Apongozi awo aamuna, amene adali dokotala, adabwera kudzakhala nawo mayi a kunyumba kwawo atamwalira, ndipo ndiwo ankalera mdzukulu makolo ali kuntchito.

Zaka zimenezo zidali za zodabwitsa pa sayansi. Kumapeto kwa 1895 Wilhelm Röntgen wa ku Germany adatulukira X-ray, cheza chosaoneka chimene chimadutsa mnofu n'kuonetsa mafupa. M'chaka cha 1896 Henri Becquerel wa ku France adaona kuti chitsulo chotchedwa uranium chimatulutsa cheza chakechake popanda kuchiwotcha kapena kuchiika padzuwa. Uranium ameneyu ndi yemwe adayamba kukumbidwa ku Kayelekera m'boma la Karonga m'chaka cha 2009. Mayi Curie adasankha kufufuza za cheza chimenechi, pogwiritsa ntchito chida choyezera mphamvu yochepetsetsa ya magetsi chimene amuna awo adapanga pamodzi ndi mchimwene wawo Jacques.

Adapeza kuti uranium akhale wouma kapena wonyowa, wosinja kapena wosakaniza ndi zinthu zina, mphamvu ya cheza chake inkangodalira kuchuluka kwa uranium yemweyo basi. Apa adazindikira kuti chezacho chikuchokera m'kati mwa atomu mwenimweni. Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi, tiyeni tikhale pang'ono m'kalasi pamodzi ndi ana athu a kusekondale.

Kodi atomu n'chiyani?

Chilichonse chimene Mulungu adalenga, madzi, mchere, mpweya, mafupa athu omwe, chidapangidwa ndi tizidutswa tating'onoting'ono totchedwa maatomu. Kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti atomu siingagawike kapena kusintha. Lero tikudziwa kuti pakati pake pali phata lolemera, ndipo mozungulira phatalo muli tinthu topepuka totchedwa maelekitironi. Tinthuti sitikhala chisawawa. Timakhala m'mizere, monga mmene timakhalira pamsonkhano wa pansi pa mtengo, ena kufupi ndi tebulo, ena kumbuyo. Mzere woyamba umalandira maelekitironi awiri okha, wachiwiri asanu ndi atatu, ndipo otsala amapita m'mizere ya kunja.

Nonse mudaonapo msuzi wa mchere ukatayikira pamoto, lawi limasanduka lachikasu kwambiri. Mumchere muli chinthu chotchedwa sodium, chimene atomu yake ili ndi maelekitironi 11: awiri mumzere woyamba, 8 wachiwiri, ndi imodzi yokha kunja. Kutentha kukafika, elekitironi ya kunjayo imadumphira pamalo apamwamba, ndipo pobwerera pamalo pake imabweza mphamvu ija monga kuwala kwachikasu. Waya wa kopa pamoto amapereka lawi lobiriwira, chifukwa maelekitironi ake adakhala mosiyana. Choncho mtundu uliwonse wa atomu uli ndi kuwala kwakekwake, monga mmene chidindo cha chala cha munthu sichifanana ndi cha mnzake. Kuwalako kukadutsa m'galasi la ngodya zitatu kumagawika ngati utawaleza, ndipo katswiri amawerenga timizere take n'kudziwa chimene chikuyaka.

Koma cheza chimene Mayi Curie ankayeza sichichokera ku maelekitironi a m'mizere. Chimachokera kuphata, pamene phata lolemera kwambiri likusweka lokha pang'onopang'ono. Iwo eni pa nthawiyo sankadziwa za phata ndi mizere. Ernest Rutherford ndiye adafotokoza za phata m'chaka cha 1911, pogwiritsa ntchito cheza cha mtundu womwewu, ndipo Niels Bohr adafotokoza za mizere ya maelekitironi m'chaka cha 1913. Mayi Curie ndiwo adali m'gulu la oyamba kuonetsa kuti m'kati mwa atomu mumachitika zinthu.

Zaka zinayi m'chisakasa

Poyeza mwala wakuda wotchedwa pitchblende, umene amachotsamo uranium, adadabwa kuona kuti ukutulutsa cheza champhamvu pafupifupi kanayi kuposa uranium weniweniyo. Adaganiza kuti m'mwalamo muyenera kuti mwabisala chinthu china chimene anthu sadachidziwe. Amuna awo adasiya kafukufuku wawo kuti athandizane. Mu Julayi 1898 adalengeza za chinthu chatsopano chimene adachitcha polonium pokumbukira dziko lakwawo la Poland, ndipo mu Disembala chaka chomwecho adalengeza chachiwiri, radium. Umboni wa radium udachokera ku kuwala kuja: katswiri wina dzina lake Eugène Demarçay adayeza kuwala kwa zimene adapezazo, ndipo adaona mzere umene sudali wa chinthu chilichonse chodziwika.

Kulengeza kudali kwina, kumuonetsa m'manja kudalinso kwina. Adaitanitsa zotsalira za miyala zimene mgodi wa ku Joachimsthal, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, unkataya ukachotsamo uranium. Malo ogwirira ntchito adali chisakasa chakale chodontha, chotentha m'chilimwe ndi chozizira m'nyengo yachisanu. Mayi Curie ankaphika makilogalamu 20 nthawi imodzi mumphika waukulu, akuvundula ndi ndodo yachitsulo tsiku lonse, utsi uli kumaso. Ankasungunula, kusefa, kuumitsa, n'kuyambiranso, monga timachitira potcheza chidulo, koma iwo adabwereza kambirimbiri.

Chidavutitsa ntchitoyi ndi maelekitironi aja. Radium ali ndi maelekitironi 88, ndipo awiri ndiwo ali mumzere wa kunja. Chinthu china cha m'miyala yomweyo, barium, chilinso ndi awiri kunja. Popeza khalidwe la chinthu limatsata maelekitironi a kunja, awiriwa amachita zinthu ngati mapasa, kumene wapita wina mnzake ali pambuyo. Kuwalekanitsa kudatenga zaka pafupifupi zinayi. M'chaka cha 1902, atatha matani a miyala, adapeza mchere wa radium wolemera gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu imodzi. Kumbukirani kuti tani imodzi ndi matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku banjali linkabwerera kuchisakasa kuja kukaona timabotolo tawo tikuwala mumdima.

Posakhalitsa madokotala adaona kuti radium amawotcha mnofu, ndipo adayamba kumugwiritsa ntchito powotcha zotupa za khansa. Banja la a Curie likadatha kulembetsa njira yawo yopezera radium kuti aliyense woitsata aziwalipira, koma adaifalitsa poyera kwa aliyense wofuna, ngakhale iwo eni adali osowa.

Ulemu, umasiye ndi miseche

M'chaka cha 1903 adalandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi amuna awo ndi Becquerel. Poyamba dzina lawo lidasiyidwa, koma Bambo Curie atatsinidwa khutu adalemba kalata yoti ntchitoyo adaigwira awiri. Motero adakhala mayi woyamba kulandira mphothoyi. Chaka chomwecho adapita padera.

Pa 19 Epulo 1906, kukugwa mvula, Bambo Curie adagundidwa ndi ngolo yokokedwa ndi akavalo mumsewu wa ku Paris, ndipo adafera pomwepo. Mayi Curie adatsala wamasiye ali ndi zaka 38, mwana wamng'ono asanakwanitse zaka ziwiri. Yunivesite idawapatsa ntchito ya malemu amuna awo, ndipo mu Novembala 1906 adakhala mayi woyamba kuphunzitsa pa Sorbonne.

Chaka cha 1911 chidali chowawa. Mu Januwale bungwe lalikulu la akatswiri a sayansi ku France lidakana kuwalandira monga membala. Kumapeto kwa chaka nyuzipepala zidasindikiza nkhani ya chibwenzi chawo ndi katswiri mnzawo Paul Langevin, amene adali wokwatira ngakhale banja lake lidali pamavuto. Ife a Umodzi wa Amayi, amene timaimira kupatulika kwa ukwati, sitinganene kuti zimenezi zidali bwino. Koma tionenso mmene anthu adachitira. Khamu lidazinga nyumba muli ana, likuwanyoza kuti ndi mlendo wopasula mabanja, pamene mwamunayo sadanyozedwe chotero. Mu Disembala chaka chomwecho adalandira mphotho yachiwiri ya Nobel, ya chemistry, ali okha. Atabwerako adadwala impso kwambiri, ndipo mnzawo wina wamasiye, Hertha Ayrton, adawasunga ku England mpaka adapezako bwino.

Pa nthawi ya nkhondo

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka m'chaka cha 1914, asilikali ambiri ankadulidwa miyendo kapena kumwalira chifukwa madokotala sankaona pamene chipolopolo chalowa. Makina a X-ray adali m'zipatala za m'mizinda, kutali ndi ovulala. Mayi Curie adapempha magalimoto kwa anthu olemera n'kuikamo makinawo, magetsi ake akuchokera ku injini ya galimoto yomweyo. Adaphunzira kuyendetsa, kusintha tayala ndiponso za ziwalo za thupi. Adakonza magalimoto otere 20 ndi zipinda zojambulira pafupifupi 200, ndipo adaphunzitsa amayi pafupifupi 150 kugwira ntchitoyi. Mwana wawo Irène adayamba kuwathandiza ali ndi zaka 17.

Nkhondo itatha, malo awo a kafukufuku ku Paris adali ndi radium wochepa, ndipo galamu imodzi inkagulidwa madola 100,000. Mtolankhani wina wamkazi wa ku America, Marie Meloney, adayambitsa chopereka pakati pa amayi a m'dzikomo, olemera ndi osauka omwe, mpaka ndalamazo zidakwana. M'chaka cha 1921 Mayi Curie adakalandira mphatsoyo kwa Pulezidenti Warren Harding. M'chaka cha 1932 ku Warsaw kudatsegulidwa chipatala chochiza khansa ndi radium, ndipo amene adayang'anira ntchito yochimanga adali Bronia yemwe uja. Pangano la atsikana awiri lidafika pamenepo.

Mtengo wake

Cheza chimene chimapha khansa chimaphanso mnofu wabwino. Pa zaka zoyambirira palibe ankadziwa bwino zimenezi. Mayi Curie ankayenda ndi timabotolo ta radium m'thumba, zala zawo zidapsa n'kuuma, ndipo maso adachita ng'ala. Ku America, atsikana amene ankapaka utoto wa radium pa mawotchi kuti aziwala usiku ankanyambita burashi kuti isongoke, ndipo m'zaka za m'ma 1920 ambiri adaola nsagwada n'kumwalira. Chifukwa chake ndi maelekitironi awiri a kunja aja. Calcium, amene amamanga mafupa athu, alinso ndi awiri kunja. Thupi limasokonezeka, limatenga radium n'kukamusunga m'mafupa, ndipo ali mmenemo amawononga mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi.

Mayi Curie adamwalira pa 4 Julayi 1934 ali ndi zaka 66, mafupa awo ataleka kupanga magazi. Madokotala adati chidachititsa ndi cheza chimene adakhala nacho pafupi kwa zaka zambiri. Irène, amene adalandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi mwamuna wake m'chaka cha 1935, adamwalira ndi khansa ya m'magazi m'chaka cha 1956. Makope amene Mayi Curie ankalembamo amasungidwa m'mabokosi a mtovu mpaka lero, chifukwa pamatenga zaka pafupifupi 1,600 kuti mphamvu ya radium itsike ndi theka. M'chaka cha 1995 boma la France lidasamutsira mafupa awo ndi a amuna awo ku Panthéon, kumene amaika anthu olemekezeka a dzikolo.

Nanga ife titolepo chiyani?

Choyamba ndi cha ana athu aakazi. Mayiyu akadathera m'nyumba ya mabwana ku Szczuki pakadapanda pangano la pachibale. M'mabanja mwathu fizi ikachepa, kawirikawiri wotsala pakhomo ndi mtsikana. M'magulu mwathu timasonkha ndalama za yunifolomu ndi za maulendo. Kodi nthambi iliyonse siingasankhe mtsikana mmodzi wa m'parishi n'kumuimirira mpaka alembe MSCE? Ndipo mwana akabwera n'kunena kuti sayansi ndi ya anyamata, mumuuze za mayi amene ankavundula mphika wa miyala. Mumufunse akufotokozereni chifukwa chake mchere umasandutsa moto chikasu.

Chachiwiri ndi cha matupi athu. Dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri. Khansa imeneyi ndi imodzi mwa zoyamba zimene madokotala adachiza ndi radium. Masiku ano radium adalowedwa m'malo ndi makina ndi zinthu zina zotetezeka bwino, koma nzeru yake ndi yomweyo. Chimene chinkandiliza ine kuwodi ndi amayi obwera mochedwa, atabisa kutaya magazi ndi chikazi chonunkha kwa chaka chathunthu chifukwa cha manyazi, kapena atayamba azungulira kwina poganiza kuti adalodzedwa. Kuyezetsa khomo la chiberekero kumatenga mphindi zochepa, ndipo zikapezeka msanga zimachizika. Mukaona magazi mutasiya kale kusamba, kapena mukakhala malo amodzi ndi abambo, musadikire. Katemera wa HPV, amene boma lidayamba kupereka kwa atsikana m'dziko lonse m'chaka cha 2019, amateteza ku kachilombo koyambitsa khansayi. Tiyeni tiperekeze adzukulu athu, ndipo pamsonkhano wa mwezi uno tipangane tsiku lopitira limodzi kukayezetsa.

Chotsiriza ndi chija ndidati tisunge. Mayi Curie adamwalira ali kunja kwa mpingo, ndipo kuweruza n'kwa Mulungu yekha, amene adawapatsa nzeruzo. Koma chikhulupiriro chawo chidazilala ali mwana wa zaka 10 wolira mayi ake. Ana otere ali m'maparishi mwathu ambirimbiri. Timapita kumaliro, timaphika, timaimba usiku wonse, koma tikasesa timabalalika. Tibwerereko patatha mwezi, patatha chaka, tikamve mafunso amene mwanayo ali nawo pa za Mulungu. Chimodzimodzinso mayi wamasiye akapunthwa, tisakhale m'khamu lozinga nyumba yake. Timulangize mwachikondi, ndipo khomo lathu alipeze lotsegula.

Ambuye akudalitseni nonse pamodzi ndi mabanja anu, ndipo adalitse madokotala, anamwino ndi onse ogwira ntchito m'zipinda zojambulira za zipatala zathu.